Kuona mazira a nkhono

Sabata yanga yoyamba pa ntchito ku Saldanha Bay, kumpoto kwa Cape Town, ndinatsala pang'ono kutayitsa abwana katundu wabwinobwino. Anandiika pa tebulo lochotsa mnofu m'zigoba za nkhono za m'nyanja ya mchere, zakuda zija zimene kuno amati mussel, zomwe amaweta pa zingwe zolendewera pansi pa nsanja zoyandama. Nkhonozo zinkabwera zitadutsa kale pa nthunzi, zili yasaa. Langizo linali limodzi, loti yoonongeka uziika pambali. Nditagwira kwa kanthawi ndinaona kuti zina mnofu wake ndi woyera ngati chambiko, zina ndi wofiirira ngati papaya wakupsa. Mumtima ndinati basi, zofiirazi ndiye zodwalazo. Kufunsa ndinkaopa kuonetsa umbuli, ndiye ndinangoyamba kuunjika mwakachetechete mpaka beseni kutsala pang'ono kudzaza. Mayi amene ankatiyang'anira atafika anaima manja m'chiuno, kuyang'ana beseni, kuyang'ana ine, kenako kuseka mpaka kugwira tebulo. Akuti ndasankha zazikazi zokhazokha, zonenepa bwino, zimene ogula amalimbirana.

Kufiira kuja ndi mazira. Zoyerazo n'zazimuna.

Madzulo ake ndinaimbira amayi kumudzi ku Nkhotakota, poganiza kuti nkhaniyi iwaseketsa. Anayamba akhala duu.

"Iwe, ulendo wonse uja wa ku Joni n'kukatola nkhono?"

"Si za m'munda zija, amayi. Izi n'za m'nyanja ya mchere, za zigoba ziwiri."

"Ndiye ukuti zili ndi zazikazi ndi zazimuna?"

"Eya."

"Nanga zimaikira pati, poti zinamatirira pa chingwe?"

Ndinasowa choyankha, ndipo mayunitsi anandipulumutsa. Koma funsolo linanditsata mpaka pamene ndinasintha ntchito, patatha zaka ziwiri, n'kupita ku malo ena oswetsera nkhono zina za zigoba ziwiri zotchedwa oyster m'mbali mwa nyanja yomweyi. Kumeneko ndinayamba ngati wotsuka matanki, kenako wophika chakudya cha nkhono, kutanthauza kulera ndere za m'madzi m'mabotolo aakulu mpaka madzi atabiriwira kapena kuoneka ngati tiyi wopanda mkaka. Ndi kumeneko ndinaona dzira la nkhono koyamba.

Ife dzira timalidziwira pa nkhuku. Amene anakulira kumudzi akukumbuka thadzi likaphedwa, m'mimba mwake mumapezeka phava la timazira tachikasu topanda chigoba, china chachikulu ngati ndimu, china ngati nthudza, tina ngati mapira, tonse pamalo amodzi, tikukula motsatizana. Ana tinkalimbirana timeneti. Ndiye nditamva kuti nkhono ili ndi mazira, ndinkafunafuna phava ngati limenelo. Mulibe. Mussel ilibe chiwalo chimodzi choti n'kuloza kuti apa ndiye pobadwira mazira. Timachubu ndi timatumba topanga mazira timamwazikana m'mnofu wopyapyala umene umayala mkati mwa zigoba zonse ziwiri, ndipo nyengo ikakwana mnofu wonsewo umafufuma n'kusintha mtundu. Mwa oyster timatumbati timakuta mimba ngati bulangete loyera. Imene imachita zooneka bwino ndi scallop, ija ya chigoba chonga chokupizira mphepo: ili ndi kachiwalo kopindika ngati mwezi watsopano, mbali ina yofiira, mbali ina yoyera, chifukwa mtundu wa ku Ulaya wa Pecten maximus ndi mkazi ndi mwamuna nthawi imodzi. Oyster wa Pacific, amene anachokera kumbali ya ku Japan ndipo ndi amene timaweta kuno, nthawi zambiri amayamba moyo ali mwamuna, n'kudzakhala mkazi chaka china, ndipo atha kubwereranso. Izi amayi sindinawauze msanga.

Kuti uone zimene zikuchitika m'timatumba timeneti, pamafunika kachidutswa ka mnofu. Amakaviika m'mankhwala oti kasaole, n'kukaumika mu phula, kenako kukasenga ndi makina timagawo topyapyala kuposa khungu la anyezi. Kagawo kamodzi amakamata pa galasi n'kukapaka utoto wa mitundu iwiri, wa pinki ndi wa pepo. Mlongo wina amene ankayang'anira za kuswetsa, munthu wa sukulu yake koma wopanda matama, anali ndi bokosi la magalasi oterewa, la mwezi ndi mwezi, chaka chathunthu. Nthawi ya nkhomaliro ankandilola kukhala pa maikulosikopu.

Galasi la nyengo yopuma silisangalatsa. Timatumba timakhala tafota, ndipo kukhoma kwake kumangooneka timaselo, tizidutswa tomanga thupi la chamoyo, tating'onoting'ono, tochepa. Timeneti ndiye mbewu. Madzi akayamba kusintha kutentha, chakudya n'kuchuluka, timaselo tija timagawikana, kuchulukana, kuyala khoma lonse. Kenako tina timasiya kugawikana n'kuyamba kunenepa. Apa ndi pamene ndinkachedwa, mpaka nsima ya m'kontena kuzizira. Dzira likamakula silichoka kukhoma. Limatupa cholowera pakati pa kathumba, koma kumbuyo limagwirabe khoma ndi kakhosi kowonda, moti limaoneka ngati peyala lolendewera pa nthambi. Pafupi ndi kakhosiko pamakhala timaselo tina tolera, tomamatira dziralo. Ukayang'ana kathumba kamodzi umaona onse pamodzi, aang'ono ali phee kukhoma, apakati atayamba kutukumuka, aakulu akulendewera. Ndi phava la nkhuku lija ndithu, kungoti ili lili m'kachipinda kosaoneka ndi maso, ndipo tizipinda totere tilipo tosawerengeka. Dzira likakhuta, kakhosi kamaduka, n'kugwera pakati. Galasi la nkhono yokhwima limakhala lodzaza thothotho, mazira atapanikizana mpaka kutaya kubulungira kwawo, uyu wa makona asanu, uyu asanu ndi limodzi, ngati anthu mu minibasi ya m'mawa.

Ndipo lililonse lili ndi diso. Pakati pa dzira losatuluka pamakhala bwalo lalikulu loyera mbee, lokhala ndi kadontho kakuda mkati. Imeneyi ndi nyukiliyasi, mosungira malangizo a chibadwa, imene pa msinkhu umenewu imatupa kwambiri, ndipo a sayansi amaitcha germinal vesicle. Tsiku loyamba ndinadzidzimuka, chifukwa zinali ngati khamu la anthu likundiyang'ana kuchokera pansi pa chitsime. Disoli musaliiwale, chifukwa ndi limene linadzandigwetsa m'mavuto.

Kukula kwa dzira la oyster wa Pacific ndi pafupifupi mamaikulomita 50, kutanthauza kuti mazira 20 ondandalikidwa pamzere ndi amene amakwana milimita imodzi. Wamkazi mmodzi wamkulu amatulutsa mamiliyoni makumimakumi pa ulendo umodzi. Funso limene linandivuta ine, mwana wa mlimi, linali lakuti chakudya chodzazira mazira onsewa chimachokera kuti, poti nyamayi siyenda, imangokhala pamodzimodzi n'kumasefa madzi.

Yankho lake ndi nkhokwe. Nthawi ya chakudya chambiri, nkhono imasandutsa ndere zimene yadya kukhala shuga wosungika wotchedwa glycogen, n'kumuunjika m'maselo apadera ozungulira timatumba tija. Pa galasi maselo amenewa amaoneka ngati thovu la sopo. Mazira akayamba kukula, nkhokwe imatsegulidwa. Shuga uja amasandulika mafuta, mafuta ndi mapuloteni n'kumalowa m'dzira kukhala yolk, chikasu chija cha dzira, ngakhale mwa oyster sichikhala chachikasu. Gawo lina dzira limadzipangira lokha, gawo lina limalandira kuchokera ku maselo olera. Ukaika magalasi a miyezi motsatizana umaona ndi maso nkhokwe ikutsika pamene mazira akukwera: thovu likuchepa, timatumba tikufufuma, mpaka thovu kutheratu. Scallop imafika potapa ngakhale mu mnofu woyera uja umene imatsekera zigoba.

Apa mpamene sayansi imakumana ndi lilime. Oyster amene nkhokwe yake yadzaza ndi amene amatsekemera, mnofu wake uli gwa. Amene wasandutsa nkhokwe kukhala mazira amakhala wofewa, wamkakamkaka, ena amanyansidwa naye. Amene wangotulutsa kumene mazira ndiye kaya, ndi kathumba ka madzi a mchere basi. N'chifukwa chake Angerezi ali ndi lamulo lawo lakale loti oyster asadyedwe m'miyezi yopanda chilembo cha r m'dzina lake, kuyambira May mpaka August, imene ndi nyengo yotentha kwawoko, yoswana, komanso kale kopanda mafiriji inali nyengo yoola zinthu msanga. Kuno kummwera lamulolo limakhala chadodolido, poti miyezi imeneyo ndiyo yozizira. Ndipo likanabwera m'Chichewa bwenzi tikusala chaka chonse, chifukwa Januwale, Malichi, Epulo, Seputembala, Disembala, yonse tinaichotsa r kalekale.

Chinthu china chimene ndinachiona pa magalasi aja, chimene mpaka lero chimandigwira mtima, ndi mazira obwezedwa. Si dzira lililonse limatuluka. Chakudya chikachepa mwadzidzidzi, kapena madzi akapanda kufika pa kutentha koyenera, kapena ena akangotsalira pambuyo pa kutulutsa, nkhono imawaphwanya m'kati momwemo. Amayamba kupindikapindika, kutaya maonekedwe, kenako maselo a m'magazi amalowa m'timatumba n'kuwadya, chakudya chija n'kubwerera m'thupi. Ndi mayi amene waphika kamba wa paulendo, ulendo n'kulephereka, ndiye wangobweza ufa m'thumba. Palibe chotayika.

Kuikira kumene amayi ankafunsa ndi kumwaza basi. Zazimuna nthawi zambiri ndizo zimayamba, kutulutsa umuna ngati utsi woyera m'madzi. Zinzake zikamva fungo limenelo m'madzi amene zikusefa, nazo zimayamba. Oyster wamkazi amatsegula zigoba n'kuziomba, phwa, kamtambo ka mazira n'kutuluka, kupuma pang'ono, phwa. Dzira ndi umuna zimakumana m'madzi momwemo, popanda chisa, popanda kufungatira. Zimenezi anthu sanazidziwe kale kwambiri. Oyster wa ku Ulaya, Ostrea edulis, amasunga mazira ake m'kati mwa zigoba mpaka ataswa timphutsi, ndipo mazira ake ndi aakulu pafupifupi katatu koma ochepa. Ndiye ophunzira ankaganiza kuti onse amatero, mpaka mu 1879 pamene William Keith Brooks wa ku yunivesite ya Johns Hopkins anatenga mazira ndi umuna wa oyster wa ku America, kuzisakaniza m'kagalasi ka madzi a m'nyanja, n'kuona timphutsi tikusambira. Ntchito imene ndimadyera ineyi inayambira m'kagalasi kameneko. Pambuyo pake Victor Loosanoff ndi Harry Davis a ku Milford, ku Connecticut, anaonetsa kuti nkhono ungainamize nyengo: kuisunga m'madzi ofunditsidwa kwa masabata angapo, kuidyetsa bwino, mazira n'kukhwima pakati pa dzinja lozizira, kenako kuidzidzimutsa posinthasintha madzi ozizira ndi ofunda kuti itulutse. Njira zawo anazilemba mu 1963, ndipo ifenso timatsata zomwezo.

Koma oyster wa Pacific ali ndi ufulu wina umene nkhono zambiri zilibe, kapena ndinene kuti tsoka. Suyenera kumudikira kuti atulutse yekha. Utha kumutsegula, kutema mnofu woyera uja ndi kalezala, kutsukira mazira m'ndowa, ndipo amagwirabe ntchito. Ndi pa ntchito imeneyi pamene ndinalakwa.

Linali Lachisanu. Mlongo uja anali atapita ku tauni m'mawa, n'kundisiyira ntchito imene ndinali nditamuthandizapo kangapo. Nkhono zake tinali titazidyetsa kwa mwezi ndi theka, ine ndemwe ndikudzuka usiku kukaona ngati pampu ikuyenda. Ndinatsegula imodziimodzi, kutenga kadontho, kuona pa maikulosikopu kuti iyi ndi yaikazi, iyi yaimuna, kuzipatula. Ndinatema, kutsuka, kusefa pa kansalu kuti zinyenyeswa zitsale. Zonse bwinobwino. Pa pepala la pakhoma panalembedwa kuti mazira akhale m'madzi a m'nyanja kwa kanthawi umuna usanathiridwe. Ine ndinkati imeneyo ndi nthawi yoti abwana amwe khofi. Galimoto yotitenga inkanyamuka 3 koloko, ndipo ndinkafuna kukatumiza ndalama ya feteleza kumudzi asanatseke. Ndinathira umuna nthawi yomweyo, ndipo ndinathira mowolowa manja, poti ndinkati chochuluka sichilakwa. Kuvundula, kuthira mu thanki, kutseka chitseko, ulendo.

Dzira la oyster likayenda bwino m'madzi ofunda, pakatha tsiku limodzi limakhala kamphutsi kokhala ndi kachigoba kooneka ngati chilembo cha D, koyera ngati galasi, kakusambira. Loweruka masana ndinasefa madzi a mu thanki ndikuimba kanyimbo. Pa maikulosikopu ndinapeza manda. Mazira ambiri anali atagawikana mokhotakhota n'kuima, ena ataphulika, ena asanduka timibulu taubweya tongozungulira pamodzimodzi ngati nkhuku ya chitopa, topanda chigoba. Ma D ndinachita kuwerenga ndi zala.

Mlongo uja sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Lolemba anatsegula nkhono imodzi mwa zotsala, kutema, kuika kadontho pa galasi, kundipatsa wotchi yake, n'kunena kuti ndisadzuke mpaka ndimuuze chimene chasintha. Poyamba mazira anali a maonekedwe a peyala aja, ena ndi kamchira, pamene panali kakhosi. Lililonse diso lili tong'oo. Mphindi khumi, palibe kanthu. Msana unayamba kuwawa. Kenako ndinaona kuti michira ikulowa, mapeyala akubulungira. Ndiyeno m'mphepete mwa diso limodzi munayamba kuchita chifunga, ngati mpweya wa pakamwa pa galasi, ndipo ndikuyang'ana chomwecho diso lija linasungunuka, dzira lonse n'kukhala la mtundu umodzi. Lina, linanso. Patadutsa mphindi zoposa 30, pafupifupi onse anali atatsinzina. Kwathu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinadekha kuti ndione maso a nkhono akuzimirira.

Chimene chimachitika ndi ichi. Selo iliyonse ya oyster ameneyu ili ndi ma chromosome 20, timitolo ta malangizo a chibadwa, 10 a kwa mayi, 10 a kwa bambo. Dzira liyenera kutsala ndi 10 okha, kuti akabwera 10 a umuna chiwerengero chibwerere pa 20. Kuti litero limayamba lakopera mitolo yonse kuti ikhale pawiripawiri, kenako limagawa kawiri, ulendo uliwonse n'kutaya gawo lina kunja. Koma ntchito yogawayi imaima itangoyamba kumene, n'kukhala choncho nthawi yonse imene dzira likunenepa kukhoma. Diso lija ndi chizindikiro choti ntchito ili chiimire. Nafenso anthu n'chimodzimodzi: mwana wamkazi amabadwa mazira ake ataima pamalo omwewa, ndipo ena amadikira zaka makumi anayi. Dzira la oyster likalowa m'madzi a m'nyanja, diso limasweka, mitolo imandandalika pamzere kukonzekera kugawa koyamba, n'kuimanso kachiwiri. Apa ndiye limakhala lokonzeka kulandira umuna umodzi n'kutsekera ena onse pakhomo. Ine ndinatumiza chikhamu cha alendo mwini nyumba asanaike chitseko. Analowa angapo m'dzira limodzi, aliyense ndi mitolo yake 10, ndipo kugawikana kunasokonekera.

Tsiku lomwelo tinathira umuna pang'ono, wochita kuyeza, ndipo ndinaona chimene ndinachiphonya Lachisanu. Patapita mphindi zingapo, pamwamba pa dzira panatuluka kachiphuphu koyera, kakang'ono ngati dontho la mame pa dzungu. Patapita kanthawi, kenanso pansi pa koyamba. Timeneti amatitcha ma polar body, ndipo ndi mmene mumatayidwa mitolo yotsala ija. Taonani nzeru yake: pogawa, dzira silidula chakudya pakati. Limataya mapepala okha, kamba yense n'kutsala.

Si nkhono zonse zimatsata dongosolo limeneli. Clam, nkhono ina ya zigoba ziwiri yokhala mumchenga, wamkulu wa ku gombe la kum'mawa kwa America, Spisula solidissima, amatulutsa mazira diso lili chitsegulire, ndipo ndi umuna weniweniwo umene umaliswa. Zimenezi zinamupatsa ulemu umene iye saudziwa. Popeza mazira ake ndi mamiliyoni ndipo ungawadzutse onse nthawi imodzi, ofufuza a ku Marine Biological Laboratory ku Woods Hole, Massachusetts, anawagwiritsa ntchito pofuna kumvetsa chimene chimauza selo kuti gawikana tsopano, ima tsopano. Kumeneko mu 1982 Tim Hunt anapeza puloteni imene anaitcha cyclin, m'mazira a sea urchin, kanyama kaminga ngati kanungu. Joan Ruderman ndi anzake, pogwiritsa ntchito cyclin wa clam ameneyu, anaonetsa mu 1986 kuti ndi iyeyo amene amakankha selo kuti ilowe m'kugawikana. Avram Hershko naye anapeza m'mazira omwewa makina amene amaphwanya cyclin ntchito yake ikatha. Hunt analandira nawo mphoto ya Nobel mu 2001, Hershko mu 2004. Makina amenewa ali m'maselo athu tonse, ndipo akasokonekera ndi mbali ina ya nkhani ya khansa. Ndikaganiza kuti zina mwa zimene madokotala amadziwa za chotupa cha munthu zinachokera m'ndowa ya mazira a nkhono, ndimasiya kuchita manyazi ndi ntchito yanga.

Pali kachinthu kenanso ka mussel kamene kanandiseketsa ndekha ngati wamisala. M'selo muli timbaula topanga mphamvu, ma mitochondria, ndipo pafupifupi nyama zonse, ife tomwe, timatengera timeneti kwa mayi yekha kudzera m'dzira. Chikamwini chenicheni. Koma mu 1994 ofufuza anatsimikiza kuti mwa mussel mwana wamkazi amatenga ta mayi tokha, pamene wamwamuna amatenga ta mayi n'kusunganso ta bambo m'ziwalo zake zoberekera, kuti adzapatsire ana ake aamuna. Ndinati ameneyu ndi Mchewa ndithu: munda kuchikazi, chiwongo kuchimuna.

Tibwerere ku tiziphuphu tija, chifukwa pali anthu amene anaona ndalama pamenepo. Ngati vuto la oyster wa m'nyengo yotentha ndi loti amathira nkhokwe yonse m'mazira, bwanji osapanga wosabereka? Mu 1981, ku yunivesite ya Maine, Jon Stanley, Standish Allen ndi Herbert Hidu anathira mankhwala otchedwa cytochalasin B pa mazira ongolandira kumene umuna, kuti kachiphuphu kalephere kutuluka. Dzira likasunga mitolo imene likanataya limakhala ndi 20, kuphatikiza 10 ya umuna, 30. Nkhono yotere, ya magulu atatu m'malo mwa awiri, imakula bwinobwino, koma ikafika pogawa mitolo kuti ipange mazira masamu amakana, poti zitatu sizigawika pawiri. Ndiye shuga uja amangokhala m'thupi chaka chonse. Amaitcha triploid. Mu 1994 Ximing Guo ndi Allen yemweyo, ali ku Rutgers, anapita patsogolo: anatenga mazira ochepa amene triploid wina amakwanitsabe kupanga, n'kutulutsamo oyster wa magulu anayi, wa mitolo 40. Umuna wa ameneyu umanyamula 20, ndiye ukakumana ndi dzira wamba la 10, ana onse amakhala a 30, popanda mankhwala. Ku France amawagulitsa ndi dzina loti oyster a nyengo zinayi.

Ine pa nkhaniyi mtima uli pawiri, ndipo sindibisa. Mfule timaidziwa, mbuzi yofula imanona, palibe chachilendo. Wogula amapeza chokoma mwezi uliwonse, ife antchito sitikhala miyezi itatu osalandira. Koma ndinakula ndikuona bambo anga akusiya chimanga chamakolo n'kuyamba kugula mbewu chaka ndi chaka, ndipo ndikudziwa mmene zimakhalira mbewu ikakhala m'manja mwa wina. Mlimi wa oyster amene kale ankangoika matailosi kapena zigoba m'madzi kuti timphutsi ta m'nyanja timatirirepo, akalowa za triploid ndiye kuti chaka chilichonse agogoda pakhomo la oswetsa. Alimi ena a ku France akhala akulimbana kuti pa msika pazilembedwa kuti uyu anabadwira m'nyanja, uyu mu thanki. Ndimadya za mu thanki, malipiro anga amachokera mu thanki, koma pa kulembako ndili nawo.

Chimene ndinaphunzira mochedwa n'chakuti ntchito yathu yambiri imatha dzira lisanatuluke n'komwe. Kamphutsi kakangoyamba moyo kalibe pakamwa pogwira ntchito. Kugawikana konse, kumera ubweya wosambirira, ndi kumanga kachigoba koyamba ka D kuja, zonse zimayendera mafuta amene mayi analongedza. Ndi kamba wa masiku awiri, ndipo ulendo wake ndi wothamanga. Mayi akadyetsedwa ndere za mtundu umodzi wosakwanira mafuta, mazira amaoneka bwinobwino pa galasi, kulandira umuna bwinobwino, koma timphutsi timafooka pa tsiku lachitatu kapena lachisanu, iwe n'kumaimba mlandu pampu. N'chifukwa chake timasakaniza mitundu, Chaetoceros ndi Isochrysis ndi ina, ngati mmene mayi woyembekezera samudyetsera nsima ya mchere yokha.

Ndipo kamba ameneyu ali ndi malire ake. Mu 2007 ndi 2008, malo oswetsera a Whiskey Creek ku Netarts Bay, m'chigawo cha Oregon, anaona timphutsi tawo tikufa mamiliyoni osadziwika chifukwa. Poyamba anaganizira tizilombo. Kenako zinadziwika kuti vuto linali madzi amene mphepo imakoka kuchokera pansi pa nyanja, odzaza mpweya wa carbon dioxide, amene amavutitsa kupanga chigoba. M'madzi otere kamphutsi kamawononga mafuta ochuluka pomanga kachigoba koyamba, kamba n'kutha kasanafike poyamba kudya kokha. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa gombe lathu lino nalonso limadalira madzi otumphuka pansi omwewo, a mafunde ozizira a Benguela. Ndi amene amabweretsa chonde chimene chimanenepetsa nkhono za ku Saldanha msanga chonchi. Mphepo ya kummwera chakum'mawa ikaomba masiku angapo, madzi a pa mpopi wathu wochokera kunyanja n'kuzizira mwadzidzidzi, mlongo uja amayamba wayeza asanalole kuti dzira lililonse liwakhudze.

Disembala wapitayu ndinapita kumudzi. Tsiku lina m'mawa ndinatsikira kunyanja ndi ana a mchemwali wanga, ndipo m'madzi ofika m'mawondo tinafukula ndi zala nkhono za zigoba ziwiri za mumchenga, zija zigoba zake agogo ankapalira mphika. Ubwana wanga wonse ndinkaziponda osaziganizira. Izi sizimwaza mazira ngati za m'nyanja ya mchere, poti mu mtsinje madzi angakokolole onse. Mayi amawasunga m'makha ake opumira mpaka ataswa, ndipo timphutsi take timakamatirira pa nsomba kwa kanthawi, nsombayo n'kutinyamula, tisanagwe pansi kukayamba moyo wa mumchenga. Geoffrey Fryer, amene anafufuzapo za nsomba ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, ndi amene anadzalongosola mu 1961 mmene timphutsi ta mtundu wa Mutela timakakamirira pa nsomba ku Uganda. Ndinatsegula imodzi ndi mpeni, kuwaonetsa anawo makha aja. Anayang'ana pang'ono, n'kufunsa ngati ndabweretsa maswiti.

Madzulo amayi anapha thadzi. Tili pa mkeka ndinawafotokozera zonse, timatumba, kakhosi, nkhokwe, diso losungunuka, ngakhale za Lachisanu lija, poti ndalama ya feteleza imene analandira chaka chimenecho inadula mwezi ndi theka wa ntchito ya anthu. Anamvetsera mpaka kumapeto, akupungulira msuzi.

"Ndiye mazira akewo iwe unawaona ndi maso akowa?"

"Ndi makina, amayi. Paokha saoneka."

Anavundula mu mphika ndi chipande, n'kutulutsa phava la timazira tachikasu, lonse lathunthu, kuliika m'mbale yanga ana akuyang'ana mwanjiru.

"Idya awa. Awa ndiye ooneka."